Sitata yamakono pa Land Rover ya 1965: ikuzungulira koma injini ili duu

Bambo wina wa ku Matawale, kuno ku Zomba, wafunsa motere: "Ndili ndi Land Rover Series IIA ya petulo, ya 1965, imene anandisiyira malemu bambo anga. Sitata yake yakale inayamba kuvuta, makamaka m'mawa kukazizira. Imangolira kuti ngwiii osagwira, mwina imakakamira mpaka tigwedeze galimoto ili m'giya. Alamu anga andibweretsera sitata yaing'ono yamakono kuchokera ku Johannesburg. Yakale inali ndi bawuti limodzi lomangapo waya, koma iyi ili ndi mabawuti awiri ndi kapini kakang'ono. Wamagetsi wina anaika kawaya kolumikiza bawuti lalikulu ndi kapiniko. Tikakankha batani imamveka kuti kho, n'kumazungulira, koma injini siikutembenuka. Wina akuti pakufunika rileyi, wina akuti sitatayo si yake. Ndimange bwanji?"

Bambo, sitatayo musaibweze kaye, ndipo ndalama ya rileyi, kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi,  ibakhala m'thumba. Tsegulani boneti muyang'ane batire. Pali waya wonenepa, wamfupi, amene amachoka pa batire n'kukamangidwa pa chitsulo cha galimoto, uja timati ethi. Onani mutu wa batire umene wayayo wagwira. Ngati wagwira mutu wa pozitivu, wolembedwa +, ndiye kuti vuto talipeza, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikuganiza kuti lagona pomwepo.

Land Rover za zaka zimenezo zinkatuluka ku fakitale ya ku Solihull, ku England, pozitivu ali ku chitsulo. Kampaniyo inasinthira ku negetivu cha mu 1967, choncho yanu ya 1965 inabadwa ndi dongosolo lakale, monganso Morris Minor ndi magalimoto ena ambiri a ku Britain amene ankayenda m'tauni muno Zomba ili likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Ambiri mwa magalimotowa amakaniko anawatembenuza kalekale, makamaka pochotsa dayinamo n'kuikapo olutaneta, zonse ziwiri zotchajira batire. Koma galimoto imene yakhala m'manja mwa banja limodzi, yosagwiridwagwiridwa, kawirikawiri imakhala momwe inabwerera.

Sitata yakale ya kampani ya Lucas inalibe nazo kanthu zoti batire lakhala motani. Maginito ake si enieni, ndi mawaya okulungidwa amene amasanduka maginito moto ukadutsamo, ndipo moto womwewo ndi umene umapitirira kukalowa m'chigawo chapakati chozungulira. Mukatembenuza batire, zigawo zonse ziwiri zimatembenuka pamodzi, sitata n'kumazungulirabe mbali yomweyo. Masitata ang'onoang'ono ambiri a masiku ano sali choncho. M'kati mwa chigoba chawo anamatamo maginito enieni, ndipo n'chifukwa chake ali opepuka, pafupifupi theka la kulemera kwa akale. Maginito enieniwo satembenuka. Mukaipatsa moto mozondoka sitata yotere, imazungulira chobwerera. Tsono kagiya ka kutsogolo kwake kamakhala pa kilatchi yogwira mbali imodzi yokha, ngati fuliwilo ya njinga ya kabaza: mukapalasa chobwerera, tcheni chimayenda koma tayala silimva kanthu. Kho amene mukumumvayo ndi solenoidi, switchi ya maginito ya pa sitata, ikukankha kagiya kulowa m'mano a fulayiwilo, chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa injini, pakuti solenoidi imakoka batire likhale motani. Kenako mota imazungulira chobwerera, kilatchi n'kumangotsetsereka.

Kutsimikiza sikuvuta. Masulani sitatayo, muimange zolimba pa vayisi. Tengani batire ndi mawaya ojampira. Negetivu agwire thupi la sitata, pozitivu agwire bawuti lalikulu, kenako ndi kawaya kena mukhudzitse kapini kaja ku pozitivu kwa kamphindi. Onani mbali imene kagiya kakuzungulira. Sinthanitsani mawayawo muyesenso. Kagiya kakasintha mbali kapena kakangogwedera mota ikulira, ndiye kuti ndi ya maginito enieni. Masitata ena ang'onoang'ono, makamaka amtundu wa Denso amene mota yake imakhala pambali, amakhala ndi mawaya okulungidwa ndipo amagwira ntchito mbali zonse, n'chifukwa chake ndikuti muyese, musangokhulupirira maonekedwe.

Mukapeza kuti ndi choncho, malangizo anga ndi oti mutembenuze galimoto yonse ikhale ya negetivu ku chitsulo. Ena amadandaula kuti akusintha chimene eni ake anapanga, ndipo ndimawamvetsa. Koma wailesi, tchaja ya foni, mababu a LED ndi olutaneta, zonse zimene mungagule lero zimayembekezera negetivu ku chitsulo. Ndiponso tsiku limene batire lidzaphwere pamsika, wokuthandizani kujampa sadzafunsa, adzangomanga mmene anazolowera. Ntchito yake ndi ya masana amodzi. Batire mulitembenuze, ndipo mufunika mitu yatsopano ya mawaya chifukwa mutu wa + ndi wonenepa kuposa wa −. Mawaya awiri a kuseri kwa amita, kaja kosonyeza ngati batire likutchaja, muwasinthanitse, apo ayi kazidzawerenga mozondoka. Pa koyilo, waya wopita ku disitibyuta akhale ku −. Ngati koyiloyo ndi yakale yolembedwa SW ndi CB, ingosinthanitsani mawaya ake awiriwo. Chotsalira ndi dayinamo, ndipo ichi musaiwale: musanalize injini, chotsani kawaya ka pa pini yaing'ono yolembedwa F, tengani waya kuchokera ku + ya batire, mukhudzitse pa piniyo mwachangu kangapo mpaka muone timoto tating'ono, kenako bwezerani kawayako. Mukatero dayinamo yaphunzira mbali yatsopano. Mukapanda kutero ingathe kuwotcha mapointi a m'kabokosi kowongolera tchaji.

Ngati mwapeza kuti galimoto inatembenuzidwa kale, kapena ili ndi olutaneta, ndiye nkhani ili pa kukwanirana kwa zitsulo. Ndipo ngakhale vuto litakhala la batire, izi muziyeze ndithu sitata idakali pansi.

Tengani tochi muunike m'bowo limene sitata imalowa. Muona mano a fulayiwilo. Munthu wina azitembenuza injini pang'onopang'ono ndi handulo yolizira injini pamanja, kiyi atazimitsa, inu mukuyang'ana. Mano ambiri muwapeza ali bwinobwino, koma pa malo awiri oyang'anizana mupeza atadyeka, nsonga zake zitaphwanyika, zonyezimira ngati zapalidwa ndi tupa. Injini ya masilinda 4 ikamazima imakonda kuima pa malo awiri omwewo, ndiye kwa zaka zonsezi bendikisi, kagiya ka sitata yakale, yakhala ikumenya mano omwewo. Chosangalatsa n'chakuti kudyekako kuli mbali ya ku giyabokosi. Bendikisi ya Lucas imakhala kuseri kwa fulayiwilo, ndipo mota ikazungulira mwadzidzidzi, kagiya kamathamanga pa mzere wopota n'kulowa m'mano kuchokera kumbuyo. Sitata yatsopanoyi imalowa kuchokera mbali ya injini, kumene mano sanamenyedwepo chiyambire. Choncho fulayiwilo imene inkavutitsa sitata yakale imatha kugwira bwino ndi yatsopano, pokhapokha ngati pali dzino lothyokeratu.

Yezani ndi rula kuchokera pamene sitata imakhalira mpaka m'mphepete mwa mano. Yezaninso pa sitatayo, kuchokera pa nkhope yake yomangira mpaka kunsonga kwa kagiya kali m'malo mwake, ndiponso mutakakokera kunja mpaka pomalizira. Kakapuma kazitalikira mano a fulayiwilo ndi mamilimita 2 kapena 3, kuti kasamakhudze injini ikulira. Kakatuluka kazilowa m'mano osachepera magawo awiri mwa atatu a kukula kwa dzino. Ngati sikakufika n'komwe, sitata imazungulira pachabe mofanana ndi mmene mwafotokozera. Kukula kwa mano a kagiya kufanane ndi kwa bendikisi yakale, ndipo mbali yozungulira ikhale imodzimodzi. Njira yosavuta yoonera zonsezi ndi kupaka penti pang'ono pa mano a kagiya, kumanga sitata, kuliza kangapo, n'kuimasulanso. Pamene penti yachoka ndi pamene mano akugwirana.

Tsopano mawaya. Apa ndi pamene wamagetsi wanu uja ndikusiyana naye maganizo.

Sitata yakale inalibe switchi. Switchi yake ndi batani limene mumakankha lija, ndipo kuseri kwake kuli mabawuti awiri ndi mawaya awiri onenepa, wina wochokera ku batire, wina wopita ku sitata. Moto wonse wotembenuza injini, maampu 150 mpaka 200, ndipo poyambirira penipeni umaposa apo, umadutsa m'batanimo. Sitata yatsopano ili ndi switchi yakeyake m'kati mwa solenoidi, ndipo inapangidwa kuti zinthu zizichitika motsatana: kagiya kayambe kalowa m'mano, kenako mkuwa wa m'kati ugundane, mota iyambe kukoka. Bawuti limene lili lopanda kanthu, nthawi zina lolembedwa 30 kapena B, ndi la waya wa batire. Bawuti linalo lili kale ndi waya wamfupi wolowa m'mota, ndipo limenelo musamangepo chilichonse. Mukamanga batire pamenepo mota izungulira kagiya kasanatuluke. Kapini kaja, kolembedwa 50 kapena S, ndi kolandirira uthenga woti yamba.

Kawaya kolumikiza 30 ndi 50 kamagwira ntchito, sindikukana, ndipo ogulitsa ena amakaika m'bokosi momwemo. Koma taonani zimene kamachita. Moto waukulu ukudutsabe m'batani la 1965, limene mkuwa wake unapsa n'kuda. Moto umene watayika m'batanimo wachepanso ku solenoidi, chifukwa zonse zikumwa pa waya mmodzi. Batire likafooka pang'ono, solenoidi imakoka, mota imagwetsa mphamvu, solenoidi n'kusiya, n'kukokanso, ndipo mumamva kuti tatatata. Kugogoda kumeneko kumawotcha mkuwa wa m'solenoidi yatsopano. Chachiwiri chimakhudza masitata a maginito enieni. Mukasiya batani mota siima nthawi yomweyo, ndipo mota ya maginito ikamazungulira yokha imapanga magetsi. Magetsiwo amabwerera pa bawuti la 30, n'kudutsa pa kawaya kaja kukalowa pa 50, solenoidi n'kukhalabe yogwira kwa sekondi imodzi kapena ziwiri injini italira kale. Mumva kulira kosasangalatsa mutachotsa chala. Tsiku limodzi sizipweteka, koma zikamachitika m'mawa uliwonse kilatchi ya kagiya ndi mano zimatha msanga.

Mmene ndimamangira ine ndi motere, ndipo simugula chilichonse kupatula waya. Chotsani kawayako. Kuseri kwa batani, masulani waya wonenepa wopita ku sitata, mumumange pa bawuti limodzi ndi waya wochokera ku batire. Tsopano moto waukulu ukuchoka ku batire mpaka pa 30 osadutsa m'batani. Pa bawuti la batani limene latsala lopanda kanthu, mangani waya wa 2.5 mm², apite ku kapini ka 50. Basi. Batani limene linkasenza maampu 200 tsopano likungotumiza moto wa solenoidi, ndipo lidzakhalitsa kuposa kale. M'kati mwa galimoto simunasinthe kanthu, mukuliza monga ankalizira bambo anu. Timawaya tina tabulawuni timene tili pa bawuti la batire tisiyeni pomwepo, ndi timene timadyetsa magetsi ena onse a galimoto. Ngati wina anachotsa batani n'kuikapo solenoidi yapadera yoyendera kiyi, kamangidwe ndi komweko: mawaya onenepa onse awiri pa bawuti la batire, waya wamng'ono kuchoka pa bawuti linalo kupita ku 50.

Nanga rileyi? Amene anakuuzani sananame, koma imafunika pamene mukufuna kuliza ndi kiyi kapena ndi kabatani kakang'ono. Solenoidi ya pa sitata yamakono ili ndi makoyilo awiri, yokoka ndi yogwirizira. Pokoka imamwa maampu 30 kapena 40 kwa kanthawi kochepa, kenako imatsika kufika pa 10 kapena kucheperapo. Switchi ya kiyi ya galimoto yakale sinapangidwire moto wotere. Imapirira miyezi ingapo, kenako imayamba kutentha, tsiku lina n'kusiya. Rileyi wamba ya mapini anayi, ya maampu 40, imathetsa zimenezi. Pini yake ya 30 itenge moto pa bawuti la batire kudzera pa fyuzi ya maampu 30 kapena 40 yoikidwa pafupi ndi bawutilo, 87 ipite ku kapini ka 50 ka sitata, 86 ichokere ku kiyi kapena kabatani, 85 ipite ku ethi. Moto wa rileyi musautenge pa waya wodutsa mu amita, chifukwa amita ya magalimoto amenewa imathera pa maampu 30. Pa mawaya a Lucas, wabulawuni amakhala ndi moto nthawi zonse, woyera amakhala nawo kiyi akayatsidwa, woyera wa mzere wofiira ndi wa sitata, wakuda ndi ethi. Koma galimoto ya zaka zonsezi yadutsa m'manja ambiri, ndiye muziyeza ndi babu musanakhulupirire mtundu.

Pali chifukwa chimodzi chimene ndingakulimbikitsireni rileyi ngakhale batani lakale lili bwino. Batani limenelo limagwira ntchito popanda kiyi. Mwana akalowa kukasewera n'kulikankha galimoto ili m'giya, imadumpha, ndipo sitata yatsopanoyi ili ndi mphamvu zoyendetsa Land Rover mpaka kukagunda khoma. Ngati pakhomo pali adzukulu, ikani kabatani kotenga moto pa waya woyera, kaziyendetsa rileyi, kuti popanda kiyi pasachitike kanthu.

Kamangidwe kamene ndakupatsanika kali ndi mtengo wake, ndipo ndikufuna muumvetse bwino. Kale waya wopita ku sitata ankakhala ndi moto pokhapokha mukukankha batani. Tsopano akhala ndi moto usana ndi usiku, ndipo alibe fyuzi. Akapekesedwa ndi chitsulo mpaka mkuwa kuonekera, batire lonse likhuthukira pamenepo, ndipo moto wake suzimitsika ndi kiyi. Pa injini ya 2.25 sitata imakhala kumanzere, pansi pa manifodi, pafupi ndi paipi ya ekizozi. Wayayo adutse kutali ndi paipiyo, amangidwe ndi zomangira pa mtunda uliwonse wa chikhatho kapena ziwiri, pobowola chitsulo pakhale labala, ndipo pa bawuti la 30 pavale kachipewa ka labala. Musamukoke kwambiri, injini imagwedezeka, asiyireni mpata. Nthawi iliyonse imene mukugwira ntchito pamenepo, yambani mwachotsa waya wa ethi pa batire, ndipo mphete ndi wotchi muvule. Sipanala ikakhudza bawuti la 30 ndi chitsulo nthawi imodzi imafiira m'manja mwanu. Pomanga nati pa bawuti lamkuwalo musakakamize, mkuwa umathyoka, ndipo bawuti likazungulira m'kati limapotoza mkuwa wa solenoidi.

Waya wonenepa wakaleyo ndingakonde mutamusintha. Kunja amaoneka bwino, koma dulani labala pafupi ndi mutu wake muone. Kawirikawiri mumapeza tinthambo tamkuwa tada, pakati pake pali ufa wobiriwira, tina tathothoka, ndipo mukapinda pamamveka kuti tsetsetse. Chinyezi cha kuno kuphiri, ndi chifunga cha June ndi July, chimalowa m'menemo pang'onopang'ono. Ngati batire lili m'boneti, waya wa 25 mm² akwana. Ngati linasamutsidwira pansi pa mpando, tengani wa 35 mm². Waya wa makina owotcherera zitsulo ndi wabwino chifukwa ndi wofewa ndiponso ndi mkuwa weniweni, ndipo ngati pano asowa, ku Limbe mumupeza. Chenjerani ndi mawaya ojampira otchipa amene ena amadula n'kuikapo: labala ndi wonenepa, m'kati muli tinthambo tochepa, nthawi zina ta aluminiyamu topaka mtundu wa mkuwa. Palani kanthambo kamodzi ndi mpeni, kakayera m'kati musagule. Mitu ya waya ifinyidwe ndi chofinyira chake, osati kumenyedwa ndi hamala pa mwala.

Ethi ndiye imaiwalika kwambiri. Moto wonse umene walowa pa 30 uyenera kubwerera ku batire kudzera m'thupi la sitata, m'injini, m'chesisi. Injini imakhala pa malabala, ndiye pamafunika lamba wamkuwa wolumikiza injini kapena giyabokosi ndi chesisi. Lambayo akaduka kapena akachita dzimbiri, moto umafuna njira ina, ndipo umadutsa mu waya wa tchoki kapena wa sipidomita mpaka kutentha. Mukaona waya wa tchoki wayamba kulimba kapena labala wake wasungunuka, yang'anani lamba wa ethi. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu yomangidwa pa zitsulo zadzimbiri, musaidalire. Ine ndimaika waya watsopano wonenepa mofanana ndi wa pozitivu, kuchoka pa − ya batire mpaka pa bawuti la injini, makamaka limodzi mwa mabawuti omangira sitata, ndi wina kuchoka pamenepo kupita ku chesisi. Pamene sitata imakhalira palani penti ndi mafuta mpaka chitsulo chiwale.

Mukamaliza musangomva kuti yalira n'kutseka boneti. Bwerekani mita yoyezera magetsi. Batire lodzaza, litapuma, limasonyeza mavoliti 12.6, ndipo 12.2 ndiye kuti latsala theka. Chotsani waya woyera pa koyilo kuti injini isalire, giya ikhale pa nyutirolo, handibuleki yokoka. Wina akankhe batani inu mukuyeza. Pa mitu ya batire mphamvu isatsike kupitirira 9.6. Kenako ikani nsonga imodzi ya mita pa mutu weniweni wa + ndi inayo pa bawuti la 30, sitata ikuzungulira. Chimene mita yasonyeza ndi moto umene ukutayika m'njira, ndipo usapose 0.5. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa mutu wa − ndi thupi la sitata, apo usapose 0.3. Pa kapini ka 50 pazifika mavoliti 10 kapena kuposa. Ngati penapake papitirira, sunthani nsonga ya mita mfundo ndi mfundo mpaka mupeze pamene pakudya moto. Nthawi zambiri pamakhala potentha mukagwira ndi chala.

Ndinene mosabisa kuti masitata akale ambiri amene anthu amataya sanafe ayi, ankangosowa moto chifukwa cha mawaya ndi ethi zomwezi. Bendikisi imafuna kuti mota idzidzimuke mwamphamvu kuti kagiya kathamange, ndiye moto ukachepa imangolira ngwiii. Chinanso, anthu amaithira oyilo poganiza kuti akuithandiza, fumbi la msewu wa ku Jali n'kumatirira mpaka kagiya kuuma. Yanuyo musaigulitse kwa ogula zitsulo. Itsukeni ndi palafini, iume, muone mabulashi, muisunge. Handulo nayonso izikhala m'galimoto, chifukwa injini ya petulo ya Land Rover imalira ndi dzanja bola batire likhale ndi kamoto kokwanira koyilo.

Kutentha ndi madzi ndinene mwachidule. Mukakwera phiri mpaka ku Ku Chawe pa giya yotsika n'kuzimitsa injini, kutentha kwa ekizozi kumakhazikika pa sitata, ndipo solenoidi yotentha imakoka mofooka. Ngati chitsulo chotchinga kutentha chinatayika, pindani lata muike pakati, pakhale mpata wa mpweya mbali zonse. Masitata ena amalola kumasula nkhope yomangira n'kuzungulitsa thupi, ndiye sankhani malo amene solenoidi yatalikira ekizozi ndipo kabowo kotulutsira madzi kaloza pansi. Mukawoloka madzi akuya nyengo yamvula, ngati munatseka kabowo ka pansi pa nyumba ya fulayiwilo ndi pulagi musanawoloke, kumbukirani kuichotsanso mukatuluka, kuti madzi ndi oyilo zisasonkhane mmenemo.

Galimoto yanu ilibe rezisita ya koyilo, choncho ndime ino ndi ya ena amene ali ndi magalimoto a m'ma 1970 okhala nayo. Pa magalimoto otero koyilo imayendera mavoliti ocheperapo, ndipo poliza injini pali waya wochoka pa solenoidi yakale amene amaipatsa moto wonse wa batire kuti mapulagi athethetse bwino. Masitata ang'onoang'ono ambiri alibe pini ya waya ameneyu. Mukamusiya lende, galimoto imavuta kulira kukazizira. Mukamumanga mwachindunji pa 50, injini ikalira moto wa koyilo umabwerera kukathera m'solenoidi, injini n'kuzima kapena rezisita kutentha. Pamafunika dayodi yolimba yolola moto kuchoka pa 50 kupita ku + ya koyilo osabwerera, kapena rileyi yachiwiri yoyendera uthenga womwewo.

Musanayambe kuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, makaniko aone taimingi ya disitibyuta. Ngati moto ukufika msanga kwambiri, pisitoni imakankhidwa chobwerera injini ikutembenuka pang'onopang'ono. Bendikisi yakale inkangotayidwa kunja zikatere, koma sitata yamakono imakhala yogwira m'mano, ndipo nkhonyayo imathera pa timagiya ta m'kati kapena pa mphuno yake ya aluminiyamu. Chizindikiro chake n'chakuti poliza, injini imatembenuka, n'kuima mwadzidzidzi ngati yagunda chinthu, n'kupitiriza. Mukamva zimenezo siyani, mubweze taimingi kaye. Ndipo popeza mota yake ndi yaing'ono, imatentha msanga: kankhani batani osapitirira masekondi 10, mupumitse theka la mphindi musanayesenso. Ikakana katatu kapena kanayi sitata ikutembenuza bwino, vuto lili ku mapointi, mapulagi kapena petulo, mukafufuze kumeneko.